Sanatsike pa Masamba

Panatenga miyezi isanu ndi itatu kuti amalume anga, a Julius, amve dzina la Dyton osalavula pansi. Miyezi yonseyo ine Edina ndinali kuwagwadira, kuwachapira malaya, kutumiza nkhuku kwa akazi awo, zonse kuti mtima wawo ufewe. Mlandu wa Dyton unali umodzi wokha: ankapalasa njinga za mpikisano.

"Munthu wanzeru amakwera njinga kuti akafike kwinakwake," ankatero amalume. "Wakoyu amakwera kuti athamangitsane ndi anzake, atavala kakabudula, ntchafu zonse pamtunda. Akafika kumeneko amakatengako chiyani? Thukuta. Iwe udzadya thukuta?"

Kwathu ku Lirangwe ukwati wa mwana wamkazi amamanga ndi amalume ake. Bambo anga ankamukonda Dyton, koma ukawafunsa ankangokanda m'mutu n'kunena kuti, "Kafunse eni mbumba." Eni mbumbawo ndiye anali a Julius, munthu amene anagwira ntchito ya njanji zaka makumi awiri. Akakwiya sankakuwa ayi. Ankatsitsa mawu mpaka uchite kusendera pafupi kuti umve bwino mmene akukunyozera.

Dyton Bwanali anali wa ku Chileka, mmodzi wa anyamata asanu ndi mmodzi a gulu la njinga lotchedwa Akabawi. Tinadziwana pachitsime cha m'mbali mwa msewu m'chaka cha 1957, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Anaima atatuwa ndi fumbi n'kupempha madzi. Anamwa theka la ndowa yanga, kenaka n'kufunsa ngati mawa ndidzatungenso nthawi yomweyo. Ndinamuyankha mwamwano. Mawa lake ndinatunga nthawi yomweyo.

Chaka chotsatira, mwezi wa Ogasiti, amalume anagonja. "Ankhoswe akewo abwere Lamulungu ndidzawaone nkhope," anatero. Ndinakavina ndekha kuseri kwa nkhokwe. Loweruka la sabata yomweyo kunali mpikisano waukulu, kuchokera ku Chileka kudzathera pa masitolo a ku Lirangwe. Akabawi ankalimbana ndi anyamata a ku Limbe, amene anali atawagonjetsa zaka zitatu zotsatizana. Ngakhale amuna a pamowa anaiwalako kaye kukangana za Chitaganya, nkhani ili ya njinga yokhayokha.

Lachinayi Dyton anandipeza pachitsime pathu paja. Ndinamuuza za amalume, ndipo anagwada m'matope n'kuwomba m'manja ngati wapatsidwa ufumu.

"Loweruka nditenga chikho," anatero, "Lamulungu nditenga iwe."

"Ine sinditengedwa ngati chikho. Inu ndiye mudzatengedwe, mudzamange nyumba kuseri kwa amayi, mudzagwire khasu ngati amuna anzanu. Njingayo idzagona kuti?"

"M'nyumba, nanga panja ichite dzimbiri?"

"Ndiye ine ndizigona panja? Tanenani zoona, a Dyton. Atakuuzani kuti musankhe, ine kapena chitsulo chanuchi, mungasankhe chiyani?"

Anaseka, n'kuliza belu kawiri. "Njinga siphika, Edina. Komanso sizazira munthu."

Ndinamuwaza madzi, iye n'kuthawa akuseka. Yankho sanandipatse, koma tsiku limenelo ndinali wokondwa kwambiri moti sindinalifune.

Lachisanu m'mawa mayi anga aakulu, a Modesta, anamwalira.

* * *

A Modesta anali mlongo wawo wamkulu wa amalume, amene anawabereka kumsana ali khanda. Kwa ine anali mayi wachiwiri. Ndiwo anandiphunzitsa kusinja ndi kupeta, ndiwonso okha pabanja pathu amene ankaseka ndikamakamba za Dyton. Ndinalira mpaka mawu anauma.

Nyumba zathu zili m'mphepete mwa msewu, manda ali kutsidya kwake. Pasanathe ola amuna anali atadula nthambi n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa mudzi. Tanthauzo la masamba amenewo amalidziwa ngakhale mwana wa dzulo. Wapansi amavula chipewa. Wagalimoto amayenda pang'onopang'ono. Wapanjinga amatsika n'kuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri, kaya akuthamangira kuchipatala, kaya ndi mesenjala wa boma.

Nditaona masambawo m'pamene ndinakumbukira za Loweruka. Mpikisano udzadutsa pomwepa, kutatsala mtunda umodzi kuti akafike kothera, ndipo udzadutsa masana, nthawi yonyamula maliro. Ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba ndi pensulo:

"Wokondedwa Dyton, mayi aakulu atisiya lero m'mawa. Tiika mawa masana. Pamsewu pali masamba. Chonde, chonde, mudzatsike ngakhale mutakhala patsogolo pa onse. Chikho chidzabweranso chaka chamawa, koma amalume salola kawiri. Muwauzenso a Christmas. Ndine wanu, Edina."

A Christmas anali mkulu wophunzitsa Akabawi, amene anaphunzira za mipikisanozi ali ku Joni. Ndinkadziwa kuti akamva, auza gulu lonse.

Vuto linali womutuma. Munthu yekhayo wa ku Lirangwe amene ankapita ku Chileka tsiku limenelo anali Mackson, wa gulu lomwelo la Akabawi, amene ankakagona kumeneko kuti adzanyamuke ndi anzake. Pa mpikisano Mackson ndiye ankapalasa kutsogolo kwa Dyton, kumutchingira mphepo. Mackson yemweyo anali atandifunsira kawiri Dyton asanabwere, ndipo kawiri konse ndinamukana. Mundiseke ngati mukufuna, sindikukanizani. Ndinali ndi chisoni, mutu sunkagwira.

Anabwera kudzapepesa maliro, chipewa chili m'manja. Ndinamuitanira kuseri kwa khola.

"A Mackson, chonde, kalata iyi mukaipereke m'manja mwake lero lomwe."

"Musadandaule chemwali," anatero akuilowetsa m'thumba la malaya. "Dyton ndi m'bale wanga. Zaka zitatu ndakhala ndikumudyera mphepo, ndiye ndingalephere kumunyamulira kapepala?"

Anamwetulira bwino, mano ali mbee. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

* * *

Loweruka masana tinanyamula maliro. Adzukulu anatulutsa bokosi, amayi a mvano akuimba patsogolo, amalume akuyenda pambuyo pa bokosilo atavala jekete yawo yakuda ya ku njanji. Ine ndinali nditagwiriziza amayi. Bokosi lili pakati penipeni pa msewu, wina anakuwa kuti, "Njinga!"

Ndinacheuka. Kumunsi kunkabwera fumbi, ndipo m'fumbimo munali anthu awiri ovala malaya ofiira a Akabawi. Wakutsogolo anali Mackson. Kumbuyo kwake, tayala kutsala pang'ono kugunda tayala, kunali Dyton, chibwano chili pa handulo, msana utapindika. Ena onse anali kutali. Mumtima ndinati Mulungu ndi wamkulu, atsike tsopano, amalume aone okha kuti munthuyu analeredwa.

Atatsala pang'ono kufika pa masamba, Mackson anakuwa liwu limodzi: "Pita!" Anakhotera kumanzere, n'kumanga mabuleki, n'kudumphira pansi. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

Dyton sanatsike. Anaimirira pa mapedulo n'kuponda ngati wamisala. Nthambi zinathyoka pansi pa matayala. Amayi a mvano anabalalika, nyimbo n'kudukira pakati. Adzukulu akutsogolo anabwerera m'mbuyo mothawa, akumbuyo asakudziwa, ndipo bokosi la mayi anga aakulu linapendekeka, ngodya imodzi n'kugunda pansi. Phokoso limenelo sindidzaliiwala. Dyton anadutsa pakati pa bokosi ndi amalume, pafupi moti mphepo yake inakupiza jekete yawo, n'kutisiyira fumbi m'maso ndi m'kamwa.

Kenaka anafika ena onse. Anyamata a ku Limbe, alendo osatidziwa n'komwe, ataona masamba anatsika mmodzimmodzi n'kuima chete m'mbali mpaka bokosi litawoloka. Pa njinga makumi awiri ndi zinayi yosatsika inali imodzi yokha, ya munthu amene mawa lake amati atumize ankhoswe pakhomo pomwepo.

Amalume anapukuta fumbi kumaso ndi mpango, pang'onopang'ono. Kenaka ananditembenukira.

"Edina," anatero motsitsa, "kodi uja si mkamwini wathu?"

Ndinalakalaka kulowa m'dzenje limodzi ndi mayi aakulu. Tili kumanda, adzukulu akukwirira, ku masitolo kunkamveka nthungululu ndi malikhweru. Akabawi anali atawina.

* * *

Pobwera kumanda, tikusamba m'manja pa mphika wa pakhomo, anandipeza Leah, mwana wa malemu. Ine ndi Leah tinakulira mphasa imodzi, ndipo ndi iye amene ankandibisira ndikachedwa kuchitsime. Tsiku limenelo anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Usasambe pamodzi ndi ine."

"Leah, achemwali, ine ndalakwanji?"

"Walakwanji? Unabweretsa ndani pamudzi pano? Amayi ankakuikira kumbuyo, ankati musiyeni mwana akwatiwe ndi amene wamukonda. Lero wokondedwa wakoyo wawathokoza. Unamva mmene bokosi linalirira? Ndi mutu wawo umene unali mbali imeneyo, Edina. Mutu wawo!"

Azimayi anamugwira n'kupita naye m'nyumba akulira. Otsalawo sanandinene m'maso, koma ankakamba mokweza kuti ndimve. Wina anati anyamata a njingawa amamwa mankhwala a liwiro ndiye mitu imazungulira. Wina anati mwana wa ku Chileka angadziwe chiyani, kwawo amangoonerera ndege. Onse anagwirizana pa chimodzi: Mackson, mwana wa eni ake, wataya chikho chifukwa cha ulemu.

Amayi anga ananong'ona pondipatsa nsalu yopukutira. "Umuiwale, mwanawe. Madzi akatayika sawoleka."

Sindinalire. Misozi inali itauma, m'malo mwake m'chifuwa munkatentha. Ndinkafuna kumuona Dyton kamodzi kokha kuti ndimuuze zimene amayi ake anaiwala kumuuza.

* * *

Lamulungu ankhoswe a Dyton anabwezedwa asanakhale n'komwe pansi. Masana ake ndinapita kuchitsime ndikudziwa kuti ndikamupeza, ndipo ndinamupezadi atakhala pamwala, njinga itagona mu udzu. Atandiona anadzuka.

"Edina..."

"Musanditchule! Dzina langa lisatuluke m'kamwa mwanu. Chikho chija chili kuti? Bwanji simunabwere nacho tidzamwere thobwa la pamaliro?"

"Tandimvera kaye."

"Ndimve chiyani? Mayi anga munawagwetsa ngati thumba la chimanga! Anthu a ku Limbe, oti sanadyepo ngakhale mbatata ya pakhomo pathu, anatsika. Inu ndinachita kukulemberani, chonde kawiri, misozi ikudontha papepala. Munaiwerenga kalatayo, kapena munapichirira fodya?"

"Kalata yanji?"

Ndinaika ndowa pansi. "Imene ndinapatsa a Mackson Lachisanu."

"Mackson sanandipatse kalata ine. Tinagona chipinda chimodzi, tinadya m'mbale imodzi, sananene n'komwe kuti kwanu kwagwa zovuta. Zoti amwalira ndi mayi ako aakulu ndinamva ku masitolo, anthu atandinyamula m'mwamba."

"Nanga maso? Munawasiya ku Chileka?"

Anatola kamtengo n'kujambula matayala awiri pansi, lina kumbuyo kwa linzake. "Taona mmene timapalasira. Wakutsogolo amadya mphepo yonse, wakumbuyo amasunga mphamvu. Koma kuti mphepo isakupeze uyenera kumamatira, tayala lako ndi lake kusiyana zala zinayi basi. Ukangoyang'ana kumbali mwagundana, nonse pansi. A Christmas amatimenya ndi pampu pamsana tikadzutsa mutu. Lamulo lawo ndi limodzi, maso pa tayala. Msewu amakuonera ndi mnzako. Dzenje akuuza, ng'ombe akuuza. Akakuwa kuti pita, ndiye kuti njira ndi yoyera, uponde ndi moyo wako wonse. Tinapangana kuti adzakuwa pa mlambe uja wa pafupi ndi masitolo. Iye anakuwa pa masamba."

Ndinakumbukira mmene Mackson anavulira chipewa msangamsanga, ngati munthu amene anachita kukonzekera usiku wonse.

"Ndiye kuti simunaone kanthu?"

"Kalatayo ikanandipeza, Edina, tsiku limenelo sindikanakwera n'komwe njinga."

Ndinalitenga ngati yankho. Mkwiyo wonse umene ndinabwera nawo unangotembenuka n'kuloza kwina. Ndowa ndinaisiya pomwepo.

* * *

Mackson ndinamupeza pakhonde la telala ku masitolo, akupaka girisi pa tcheni. Pambali pake amuna atatu ankasewera bawo.

"A Mackson, kalata yanga ili kuti?"

"Aa, chemwali! Pepanitu ndi zovuta zija. Amayi akupeza bwanji?"

"Ndafunsa za kalata."

"Ndinapereka. Kapena ndinaiwala eti? Paja ndi thukuta la ulendo umenewuja, mapepala amasungunuka m'thumba." Anaseka, a bawo aja n'kusekanso osadziwa chimene akuseka.

"Ndinu mfiti inu. Munamutsogolera dala pa bokosi la mayi anga."

Kumwetulira kunachoka. Anaimirira akupukuta manja pa sanza, n'kusendera pafupi kuti a bawo asamve.

"Ine ndinatsika, chemwali. Mudzi wonse unandiona. Mwamuna wanuyo ali ndi mabuleki ake, ine sindimugwirira zala. Zaka zitatu ndikumeza fumbi kuti iye akafike woyera. Ku Lunzu anawina, wonyamulidwa anali iye. Ku Madziabango anawina, ine anandituma kokatunga madzi. Woyamba kukuonani ndinali ine, muli kamtsikana kopita kukalasi. Iye anangoima n'kupempha madzi, basi watenga. Ndatopa kupatuka kuti ena adutse."

"Ndiye munalipsira pa mtembo? Anakulakwirani chiyani mayi anga?"

Apo anaphethira, n'kuyang'ana kumbali. "Zoti bokosi likhala pamsewu nthawi imeneyo sindinadziwe. Ine ndinkaganiza masamba okha."

"Ndikanena kwa amalume."

"Kaneneni. Akakufunsani kuti mayi anu ali gone m'nyumba, inu munkatani kuseri kwa khola ndi makalata a amuna. Komanso mboni yanu ndi ndani? Mbuzi za m'kholamo?"

Pakhondepo panali pampu ya njinga, ndipo ndikuvomera kuti ndinaganiza zomuswa nayo mutu. Ndinangomulavulira pa nsapato n'kubwerera.

* * *

Lachiwiri linali tsiku lometa. M'mawa tonse apabanja tinametedwa mipala, ndipo masana Dyton anabwera kudzapepesa. Anabwera wapansi kuchokera ku Chileka, ali ndi amalume ake a Ackim, a Christmas, ndi mbuzi yaikazi pachingwe. Mackson anali kale pabwalo. Tsiku lililonse ankabwera kudzawaza nkhuni za pamaliro, ndipo azimayi anali atayamba kumusungira chiwindi.

A Ackim analankhula bwino, mawu a munthu wamkulu. A Christmas anafotokoza za lamulo la maso pa tayala, n'kunena kuti ngati pali wolakwa ndi iwo, amene anaphunzitsa ana a eni kupalasa ngati akhungu. Amalume anamvetsera mpaka kumapeto akusisita mpala wawo.

"Mwatha?" anafunsa motsitsa. "Mbuziyi mubwerere nayo. Mlongo wanga anandibereka kumsana zaka zitatu osandigwetsa ngakhale kamodzi. Ine ndamugwetsa pa ulendo wake womaliza, anthu akuona, chifukwa cha munthu amene ndinamutsegulira khomo ndekha. Pa gulu lanulo woleredwa alipo mmodzi, ndi uyo wakhala apoyo."

Analoza Mackson. Pamenepo ndinalephera kupirira. Mkazi salankhula pabwalo lotere asanaitanidwe, koma ndinadzuka pakati pa azimayi, amayi akundikoka nsalu.

"Amalume, woleredwa wanuyo ndi njoka! Lachisanu ndinamupatsa kalata yochenjeza a Dyton za masamba, iye n'kuibisa. Anagona nawo chipinda chimodzi osawauza kuti kuno kuli maliro. Pamsewu anali maso awo, ndipo anawauza kuti njira ndi yoyera akuona bokosi. Nonse munamva akukuwa!"

Bwalo linachita phokoso. Mackson anaweramitsa mutu ngati munthu wonamiziridwa. "Kalata ndinapereka, akuluakulu," anatero mofatsa. "Koma sindingakangane ndi wamasiye."

"Bodza!" ndinakuwa. "A Dyton sanaone kanthu. Akanaona masamba akanatsika, ndikuwadziwa ine. Ndikulumbira pa manda a mayi anga aakulu. Ngati ndikunama, mundichotse pa mbumba yanu lero lomwe!"

Amayi anagwira pakamwa. Leah anadzutsa mutu n'kundiyang'ana koyamba chichokereni kumanda. Amalume anakweza dzanja, phokoso n'kutha.

"Walumbira pa manda amene dothi lake silinaume. Chabwino. Za kalata sindifuna kumva, kalata si maso. Iwe Bwanali, dzuka. Pano pagwa tsitsi la anamfedwa, ndipo Mulungu akumva. Ndikufunsa kamodzi. Mnzako atapatuka patsogolo pako, masamba unawaona kapena sunawaone?"

Ndinamuyang'ana mtima uli m'malo. Ndinkangodikira liwu limodzi loti ayi. Dyton anayang'ana a Christmas, anayang'ana mbuzi, ine sanandiyang'ane.

"Ndinawaona."

"Dyton!" anafuula a Ackim. "Khala pansi iwe!"

"Ayi amalume, Edina walumbira chifukwa cha ine. Sindingamusiye asenze bodza langa." Anatembenukira kwa a Julius. "Kalata sinandipeze, zimenezo n'zoona. Koma Mackson atapatuka kutsogolo kunayera, ndipo ndinadzutsa mutu. Ndinaona masamba. Ndinaona bokosi. Zala zinali pa mabuleki. Ndinkaganiza kuti wa ku Limbe ali pamsana panga, zaka zitatu akutiseka, kwatsala mtunda umodzi wokha. Ndinati ndidutsa pampata osakhudza munthu. Ndinaweramanso n'kuponda."

Leah analira mokuwa. A Christmas anavula chipewa chawo n'kuphimba nacho kumaso. Ine sindikudziwa mmene ndinayendera, koma ndinangoona ndaima patsogolo pake. Ulemu wonse umene ndinkamupatsa unathera pomwepo.

"Pachitsime paja ndinakufunsa, iwe. Maso ndi maso ndinakufunsa. Unandisiya ndidzadzivule pamaso pa anthu, ndilumbire pa manda a mayi anga, uli phee ngati mbuzi yakoyi?"

"Ndinaopa kukutaya, Edina."

"Pamsewu paja sunaope."

Amalume anadikira mpaka amayi atandibweza pamphasa, ndiye analankhula, motsitsa moti bwalo lonse linachita kuweramira kutsogolo.

"Wamva wekha ndi makutu ako. Unati ndikuchotse pa mbumba yanga ukanama. Lero sindikuchotsa, chifukwa mlongo wanga ankakukonda. A kwawo kwa Mackson anandipeza dzulo, ndipo ankhoswe awo abwera Lamulungu. Ukavomera, lumbiro lako ndaliiwala. Ukakana, udzapinde mphasa yako, ukapeze malume wina wokumangira ukwati."

Panatsala masiku asanu. Mackson anamukhazika pa mpando wa alendo n'kumupatsa thobwa, iye n'kulilandira ndi manja awiri, akundiyang'ana pamwamba pa kapu. Dyton anamasula mbuzi pamtengo n'kuyamba kuikoka, mbuziyo ikukana, palibe amene anamuperekeza ngakhale mpaka pa nkhokwe. Mmodzi anali wabodza. Winayo ananena zoona, ndipo zoona zakezo zinali zoti anagwetsa mayi anga akuona. Ndinawatemberera onse awiri mumtima, mayina awo ndi a makolo awo. Koma chimene chinandikwiyitsa koposa, mpaka ndinadziluma mlomo kutuluka magazi, n'chakuti Dyton asanafike n'komwe pamsewu, mtima wanga wopusawu unali utayamba kale kuwerenga mitunda imene ayende wapansi kubwerera ku Chileka, n'kumadandaula kuti sanadye kanthu chichokereni m'mawa.